Chitseko Chakumbuyo

Kunacha kuli mitambo yolemera, yotsika mpaka pamwamba pa madenga. Mvula inali isanagwe koma inkamveka kale m'mphuno. Mphepo kunalibe. Malaya amene ndinayanika dzulo lake anali akadali achinyontho.

Tsiku lotere si lopaka penti. Ndinkadziwa. Koma tsiku lina panalibe.

Galimotoyo ndi siteshoni wagoni yakalekale, yaitali, ya chitseko chachikulu kumbuyo chotsegukira m'mwamba. Inali ya mkazi wanga. Woyendetsa anali iyeyo, ine ndinkangokonza. Atamwalira inakhala m'galaji mpaka matayala anaphwa, makoswe n'kumanga m'mipando. Tsiku lina ndinavundukula lona n'kuyamba ntchito. Injini ndinaitsitsa ndekha. Dzimbiri la m'munsi mwa zitseko ndinalidula, n'kuwotcherera zitsulo zatsopano. Zonsezo zinayenda. Chimene chinandikanika ndi penti.

Ulendo woyamba ndinapopera ndekha ndi mfuti ya penti yobwereka. Penti anayenderera m'zitseko ngati phula la kandulo. Atauma ndinamupala yense ndi sandipepa, galimoto yonse, nditadzitsekera m'galaji kuti fumbi lisavutitse oyandikana nawo. Fumbilo linathera m'chifuwa mwanga. Ndinagwa pambali pa tayala. Anandipeza ndi mwana wanga wamkazi, yekhayo amene ndili naye, ndipo kuchipatala ndinagonako mpaka masiku anandisokonekera.

Ali pamphepete pa bedi anandiuza mawu ake. Amalankhula ngati mayi ake, sakweza mawu ndipo sabwereza.

"Bambo, galimotoyo amayi anasiyira ine. Ndikulolani kamodzi kokha. Apake munthu wodziwa, inu muli patali. Ikatuluka bwino ndi yanu mpaka kale. Koma pakangopezeka poti mupalenso, ngakhale pang'ono, ikupita. Amayi ndinaika m'manda. Inu sindikuikani chifukwa cha chitsulo."

Ndinavomera ndi mutu.

Kumene ikanapita ndinkakudziwa. Mkamwini wanga ali ndi mnzake wogula magalimoto akale. Ndinadutsako kamodzi. Zitseko zinali zoyedzamiritsa kumpanda, mipando ili pamtetete, maboneti atasanjikizidwa ngati mbale. Galimoto yamphumphu sindinaoneko.

Wopaka penti amene ndinapeza anthu amamutcha Chipewa, chifukwa palibe anaonapo pamutu pake. Ndi wolongolola, koma dzanja lake silinjenjemera. Mtundu wa galimotoyo anaupeza kuseri kwa kachitseko kothirira petulo, kumene dzuwa silinafikeko chiigulireni. Wobiriwira wakuda, wonga botolo. Anasakaniza ndi maso okha, kadontho aka, kadontho ako, masana onse, mpaka chinadzaza chitini chimodzi.

"Madala, mtundu uwu ndaukola mwamwayi," anatero. "Mukandiuza kuti ndisakanizenso mawa, utuluka wa msuweni wake. Chitini ndi chomwechi. Ndiponso sabata ikubwerayi ndikupita kukapaka mabasi kutali, kobwerera sindikukudziwa."

Anandisiyira botolo la mankhwala ochotsera mafuta. Anati ndipukute nawo galimoto yonse dzulo la tsiku lopakalo, nditavala masiki, kenako nditseke galaji.

"Mukatero wina asakhudze, ngakhale ndi chala. Mafuta ndi penti n'chipongozi, sayang'anana."

Ndinachita monga ananenera. Galimoto inali yotuwa ndi penti wapansi woyambira, yosalala ngati dzira. Mabampala, nyali, magalasi oonera kumbuyo, zonse ndinali nditachotsa. Chinatsala ndi chogwirira cha chitseko chakumbuyo chokha. Zomangira zake zinagwirana ndi chitsulo kalekale, ndipo Chipewa anati angochikulunga ndi tepi.

Potuluka ndinadutsa pa shelefu ya pafupi ndi khomo. Pali chitini cha polishi woyera wopaka pansi m'nyumba, ndi kansalu kachikasu pamsomali. Ndi za mkazi wanga. Lamlungu lililonse masana ankatulutsa galimoto pabwalo n'kuipukuta ndi polishi ameneyo. Ndinkamuuza kuti alipo wa galimoto. Ankati simenti ndi galimoto zonse zimafuna kuwala, kusiyana kwake n'kwa ogulitsa. Chimwalirireni, chitinicho sindinachisunthepo. Fumbi ndinkapukuta mozungulira.

Mwana wanga ndi mwamuna wake anafika madzulo, galaji nditatseka kale. Anabwera kudzagona kuti aone ntchitoyo ndi maso awo. Sindinawauze kuti asalowemo. Sindinaganize kuti n'zofunika kunena.

M'mawa wa mitambo uja, ndikuwiritsa madzi a tiyi, ndinamva chitseko cha galaji chikulira. Madzi anawira, ndinathira masamba, ndinadikira. Kenako mwana wanga analowa m'khitchini akupukutira manja m'siketi.

"Ndimafuna tsache," anatero.

Tsache linali kuseri kwa chitseko cha khitchini, pamene lakhala chibadwire chake. Ndinamupatsa kapu.

Chipewa anafika pa njinga yamoto, maso ali kumwamba. Kompuresa yake yopopera penti inali itagona kale m'galaji. Sanakhale pansi, tiyi anakana.

"Mwatsuka monga ndinanenera, Madala?"

"Ee."

"Palibe wakhudza?"

"Palibe."

"Mwa ntchito yanga ndikanatsukanso ndekha. Koma taonani kumwambaku. Ikangogwa, chinyontho chilowa, penti atuwa ngati mwamuwaza ufa. Tithamange nayo."

Anadutsitsa kansalu kouma kochotsera fumbi, anakulunga chogwirira chija ndi tepi, anaona ngati nyuzipepala za m'mazenera zagwira. Kenako analoza panja.

"Inu uko. Mwana wanu anandiuza kuti mukangolowa muno andidula makutu, ndiye chipewachi chizikhala pa chiyani?"

Anandiikira mpando panja, pa zenera la m'mbali mwa galaji. Mkamwini anaima pambali panga, foni ili m'manja. Ndi munthu waulemu. Sanandilakwirepo. Kungoti galimotoyo kwa iye ndi chinthu chimene chinatsala pang'ono kupha apongozi ake, ndipo sakunama.

"Mwagona bwanji ndi chifuwacho, apongozi?"

"Bwino."

"Ndimakumvani mukutsokomola."

"N'chakale."

Kompuresa inayamba kulira. Chipewa anakwera pa benchi n'kuyambira padenga. Dzanja lake linkapita uku ndi uku, osathamanga, osaima. Ulendo woyamba mtundu unangooneka ngati utsi. Ulendo wachiwiri unatuluka. Ndinamva mwana wanga, amene anali ataima kumbuyo kwanga, akukoka mpweya.

"Ndi womwewo," anatero pansipansi.

Ine ndinkayang'ana mitambo. Kumadzulo kunali kutada bii, ndipo mbalame zinali zitasiya kulira.

Chipewa atamaliza denga anatsika pa benchi, anayamba mbali yakumanzere. Chitseko cha kutsogolo, cha pakati, mpaka kumchira. Penti anagona bwino, wonyezimira ngati madzi a m'chitsime. Palibe pamene anayenderera. Mkamwini anati, "Komatu mkuluyu amaidziwa ntchito." Ndinazindikira kuti manja anga agwira mpando mwamphamvu, ndinawamasula.

Chipewa anakhotera kumbuyo. Anapopera chitseko chachikulu chija kuchokera m'mwamba kutsika. Anafika m'munsi, anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone. Anaima. Anawerama. Mfuti inaloza pansi.

Pa zenera ndinkaona bwino. Penti ankatseguka yekha. Pamalo posalala pankabadwa kadzenje, kotuwa pakati, kenako kena, kenako kena, ngati madontho oyamba a mvula pamchenga. Kuzungulira chogwirira ndiye kunali kodzaza.

Anakweza masiki n'kubwera pakhomo.

"Madala, tabwerani. Muime pakhomo pomwepo."

Tonse atatu tinapita. Fungo la penti linandimenya pachifuwa.

"Awa timati maso a nsomba," anatero Chipewa. Nthabwala zinali zitamuthera. Anakanda ndi chikhadabo m'mphepete mwa tepi, ananunkhiza. "Phula ili. Polishi. Wina wapaka polishi pa chitseko ichi."

Ndinayang'ana pa shelefu. Chitini chinalipo, koma pambali pake pankaoneka kamwezi ka thabwa loyera lopanda fumbi. Kansalu kachikasu kanali kokoleka pakati, kopinda. Mwini wake ankakakoleka pa kabowo ka pakona.

Mwana wanga sindinamuyang'ane.

"Ndiye kuti pafunika kupala?" anafunsa mkamwini.

"Akauma, kupala mpaka pansi. Panopa akadali wamadzi, thina, mankhwala osungunulira penti, atha kumutsuka. Koma ine sindingaime, mbali yatsalayi ikachedwa padenga pakhala mzere. Ndipo thina pafupi ndi penti wanga, ayi. Chitsekochi chichoke, chikatsukidwe panja, tsopano lino." Anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Koma mundiuze kaye. Wapaka ndani? Ndidziwe ngati wagwiranso pena ndisanataye penti wanga."

Kompuresa inali itazima yokha. Kutali kunagunda bingu.

"Ndine," ndinatero. "Chitseko chokhacho."

Ndinkadziwa kuti n'chokhacho. Pa Malamlungu aja mayi ake ankatenga boneti ndi mbali zonse. Mwana gawo lake linali lakumbuyo, chifukwa ndi pamene ankafikira ataponda pa bampala.

Chipewa anagwira chipewa chake ndi manja onse awiri. Ndinaona ngati lero achivula.

"Madala, inu? Si ndinakuuzani ine? Ndakufunsani m'mawa uno, mwati palibe wakhudza. Munthu wotsitsa injini yekha n'kupaka polishi wa pabalaza pa ntchito yanga? Mumafuna tizivinapo?"

Anatsitsa masiki mwaukali n'kupita mbali yakumanja. Kompuresa inayambanso.

Mkamwini anakokera mkazi wake pambali, koma pabwalo pathu ndi papang'ono.

"Waona? Ayamba kuiwala zinthu. Lero ndi polishi, mawa asiya moto. Ndiye thina ameneyo ndi chifuwa chimenechi? Unanena wekha." Anatembenukira kwa ine, manja atagwirizira kutsogolo. "Apongozi, pepani. Koma tinagwirizana. Ndikuimbira wabulekidauni adzaikoke lero lomwe, musavutike nayo mtima kuyang'ana."

Mwana wanga ankayang'ana pansi. Mkamwini anapita chakugeti foni ili kukhutu.

Ndinatenga masiki anga pamsomali, sipanala m'bokosi, n'kulowa.

"Bambo, tulukani."

Ndinakweza chitseko chija pogwira mkati mwake. Mahinji ake ndi awiri, ndinawadzoza girisi ndekha mwezi wathawo. Mabawuti oyamba anamasuka mosavuta. M'galaji munali nkhungu yobiriwira, masiki anga ndi a fumbi chabe, ndipo chifuwa chinayamba kundikanda mkati. Ndinameza. Chala chimodzi kuchokera pa sipanala panali denga lonyowa. Kutsokomola kamodzi kokha, chitsulo chikanalemba mzere pamenepo.

"Bambo, ndati tulukani."

Ndinamasula hinji yakumanzere. Kulemera konse kwa chitseko kunatsikira paphewa panga. Ndi cholemera, cha galasi lake lomwe, cha chitsulo chakale. Bawuti lomaliza linali kumanja, kotalikira dzanja langa. Ndikasuntha, ngodya ikanagwera pa mchira wopakapaka. Ndikakhala chomwecho, phewa silikanapirira.

"Gwira," ndinatero.

Sindinatchule munthu. Ndinangomva kulemera kukuchepa. Mwana wanga anali atalowa pansi pa chitsekocho, mutu ndi manja, opanda masiki, bulauzi yake yoyera itakhudza penti.

"Fulumirani," anatero.

Bawuti linagwa pansi n'kugubudukira kunsi kwa galimoto. Tinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, iye mbali iyi, ine mbali iyo.

"Mukandigundira mchirawo, ndikupakani nonse awiri," anatero Chipewa m'masiki, osatembenuka.

Tinatuluka. Tinachigoneka pakhonde la nyumba, pamwamba pa matayala awiri akale. Pamenepo chifuwa chinandigwira. Ndinatsokomola mpaka ndinaona nyenyezi, nditagwira chipilala. Chitandisiya ndinakhudza penti pakona. Anali atayamba kumata chala.

Ndinatenga chigubu cha thina ndi nsanza zoyera zimene Chipewa anasiya pa njinga yake. Ndikutsegula, dzanja la mwana wanga linagwira chigubucho.

"Siyani."

"Auma."

"Ndati siyani, Bambo."

Sindinasiye. Iyenso sanasiye. Tinakokana ngati ana olimbirana chidole, thina akukhavukira pa nsapato zathu. Maso ake ndi a mayi ake. Anali ofiira, kaya ndi penti.

"N'chifukwa chiyani mwanama?" anafunsa motsitsa.

"Auma," ndinatero.

Mkamwini anabwera kuchokera kugeti akuika foni m'thumba. Ataona bulauzi ya mkazi wake anaima.

"Wabulekidauni ali pafupi, akuti anali kale mumsewu. Iwe, wadzipaka chiyani? Asiye apongozi apume, zatha izi."

"Sanapake ndi iwo," anatero mwana wanga. Sanakweze mawu. "Ndine."

"Iwe?"

"Ndinalowa m'mawa. Ndinaona ngati mwina lero ikupita. Chogwirira chija chinali chakuda, amayi sakanalola ituluke pageti ili choncho. Ndinachipukuta. Nditaona kafumbi pachitseko, ndinadutsitsanso kansalu komweko." Anapukuta mphuno ndi mkono, pa tsaya panatsala penti. "Palibe chimene aiwala bambowa. Kungoti salankhula. Akanati musalowe m'galaji, mawu awiri okha, akanakomoka?"

Mkamwini anayang'ana ine, anayang'ana chitseko. Anakanda m'mutu.

"Pepani, apongozi, ndinalankhula mopitirira. Komabe pangano lija..."

"Pangano linali loti iwo asapale," anatero mkazi wake. "Ukuwaona akupala?"

Anandivula masiki m'khosi n'kuvala. Chigubu ndinachisiya.

"Pitani uko, kumene kukuchokera mphepo. Mpando wanu uli apo."

Mphepo inali itayambadi, yozizira, yonunkhira dothi. Sindinakhale pampando. Ndinaima pakona pa khonde pamene ndinkaona manja ake. Anathira thina pansanza n'kuyamba kupukuta mozungulirazungulira, mmene mayi ake anamuphunzitsira.

"Osazunguliza," ndinatero. "Mbali imodzi."

Chipewa anali atamva zonse, pakuti makutu ake ndi aatali kuposa mmene chipewa chimaonetsera. Anasuzumira pakhomo, mfuti ili m'manja.

"Achemwali, nsanza ziwiri. Yonyowa kutsogolo, youma pambuyo, mukadutsa kamodzi tayani, tengani ina. Mukazunguliza mukungosamutsa phulalo. Achimwene inu a foni, manja anuwo ndi a chithunzi? Ng'ambani nsanza." Anandiyang'ana ine. "Madala, mwanditukwanitsa munthu wamkulu pachabe. Mlandu umenewo tikambirana."

Anabwerera mkati. Mkamwini anapinda malaya n'kugwada. Ankang'amba nsalu n'kumapatsira mkazi wake, wina akutaya, wina akupereka. Wobiriwira ankachoka, wotuwa n'kumaonekera pansi pake. Pakona pamene ndinakhudza paja panakanirira. Anathirapo thina wambiri, anadikira, anakoka nsanza mwamphamvu. Panachoka.

"Pamenepo pabwerezedwe," ndinatero. "Kuzungulira chogwirira."

"Ndamva, Bambo."

Dontho loyamba linagwa pa malata ngati mwala. Lachiwiri. M'galaji mfuti inkapemererabe, tsopano paboneti. Ndinapita kukaima pa zenera. Chipewa sanafulumize dzanja ngakhale pang'ono. Anamaliza mzere wake, anabwerera, anamaliza wina. Mvula itayamba kugwa yeniyeni, anazimitsa kompuresa, anatuluka chafutambuyo n'kukoka chitseko cha galaji. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi masaka.

Anathamangira pakhonde atakumbatira chitini cha penti ngati khanda. Anachipendeketsa kuti ndione. Pansi pake panali potsala pang'ono.

"Wa chitseko chimodzi, osaposa. Lero ayi, kwanyowa. Kukacha kouma ndisananyamuke, ndibwera. Kukapanda kucha kouma, muyenda nayo yotsegula kumbuyo ngati ngolo." Anagwada, anayendetsa chikhatho chake pamwamba pa chitseko osachikhudza, anayang'ana chopendekera. "Mutsukenso kawiri ndi mankhwala aja. Ndipo chitini chija chichoke m'galaji muja, ndisachionenso."

"Mkatimo mwatuluka bwanji?" ndinafunsa.

"Musandifunse mvula ikugwa. Tiona mawa." Anayang'ana ku galaji. "Koma ndikanakhala mkazi, ndikanakwera."

Kugeti kunalira hutala. Kupyola mvula ndinaona nyali zachikasu zikuzungulira pamwamba pa bulekidauni, ndi unyolo ukulendewera kumbuyo kwake. Woyendetsa anatsitsa galasi n'kukweza dzanja. Anaimbanso.

Mkamwini anayamba kudzuka. Mkazi wake anamugwira mkono n'kumupatsa nsanza ina. Ine ndinadikira. Galimoto ndi ya mwana wanga, mawu ndi ake.

"Ndikamuuze chiyani?" ndinafunsa.

Sanadzutse mutu. Ankakoka nsanza kuchokera m'mwamba kutsika, mbali imodzi, n'kutaya.

"Galimoto yopanda chitseko agula ndani?" anatero m'masiki. "Tengani ambulera, Bambo. Chifuwacho."

Ambulera inali kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi tsache. Ndinaitenga, ndinapita kugeti, ndinamuuza munthuyo kuti abwerere, ndipo ndinakhoma geti.